Siponji ya m'Nsapato Zofiirira

A Chidendene sankadziwa anthu ndi nkhope. Mukawapatsa moni mumsewu ankayamba ayang'ana pansi kaye, aone chomwe mwapondera, kenako n'kudzutsa mutu: "Aaa, kodi ndinu!" Dzinalo linachokera pamenepo. Lenileni la pachiphaso linatsala ndi akazi awo okha, amene ankalitulutsa pa tsiku la mkangano basi.

Zaka makumi atatu ndi mphambu zinayi anazithera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakona pomwe msewu wa phula umathera n'kuyamba wafumbi. Kabenchi kawo kanali ndi miyendo itatu, wachinayi inali njerwa. M'bokosi lawo la matabwa munkakhala nyundo, mpeni wonoledwa mpaka kupyapyala, singano ya mbedza, ulusi wakuda, chitini cha guluu, timisomali m'kabotolo ka mankhwala, zidutswa za matayala ndi siponji yong'amba ku matiresi otha. Sanalemere, komanso sanagonepo ndi njala. Analera ana anayi ndi zidendene za anthu ena, ndipo anawo atakula panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kugwira nsapato ya munthu.

Anali ndi zizolowezi ziwiri zomwe anthu ankawaseka nazo. Nsapato ikangofika, asanaiyang'ane n'komwe, ankapisamo dzanja mpaka kumapeto. Kaya ndi ya bwana, kaya ndi yonunkha moti ntchentche n'kukomoka, dzanja linkalowa ndithu. Ankati kunja kwa nsapato n'kwa polishi, kumanama. Zoona zimakhala m'kati. Chinacho n'chakuti akafuna kudula tayala kapena siponji ankamuvula munthu, kumupondetsa pa chikatoni, n'kuzunguliza phazi lake ndi pensulo. Zikatonizo ankazitunga pa msomali wautali kuseri kwa bokosi, mazanamazana, zopanda dzina, zopanda tsiku.

"Muzilemba mayina, bambo inu," akazi awo ankatero. "Tsiku lina mudzawadulira abusa phazi la chidakwa."

"Ndilembe dzina ngati phazilo sindikulidziwa? Inu mumalemba mayina pamphumi pa ana anu?"

Ndipo ankawadziwadi mapaziwo, lililonse ndi mwini wake.

Kasitomala wawo wamkulu anali bambo a mamita. Ntchito ya bambowa inali kuyenda nyumba ndi nyumba kuwerenga mamita a madzi, kuthawa agalu, ndi kutukwanidwa chifukwa cha mipope yomwe sanaiboole iwo. Munthu wotere amadya nsapato ngati chiswe. Anali wamtali, woseka ndi mapewa, wa phazi lalikulu lopondera kunja. Ankakhala misewu iwiri kuchokera pakonapo, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lobiriwira, pamodzi ndi akazi awo osoka mayunifomu a sukulu, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi kamene kankadula malamba a nsapato zake mwezi ndi mwezi. Banja lonselo linali pa msomali paja, zikatoni zinayi zogundana.

Panalinso mnyamata wa nkhunda. Mayi ake ankachapira anthu zovala. Bambo ake ankangomveka mbiri. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wowonda, wosachulukitsa mawu, ndipo ankaweta nkhunda m'mabokosi pa denga la bafa. Tsiku lina anabwera ndi nsapato za kusukulu zitayasamula zonse ziwiri. A Chidendene anapisamo dzanja, zala n'kutulukira kutsogolo.

"Izi, mdzukulu wanga, zikufuna manda, osati singano."

Bambo a mamita anali pomwepo, atapondetsa masokosi pa nyuzipepala kudikira zawo, ndipo anaseka ndi mapewa aja. A Chidendene ndiwo anayambitsa nkhaniyo, ndipo pambuyo pake ankazikumbukira zimenezi mpaka mutu kuwawa. Anati, "Achimwene, zofiirira zija munati zakutopetsani zija, bwanji osamuponyera mwanayu?"

Mawa lake nsapato zofiirira zinabwera. Zinali zazikulu moti mnyamatayo akanatha kulowetsa mapazi onse awiri m'modzi. A Chidendene anamupondetsa pa chikatoni, nadula siponji yonenepa zala zitatu, naimata ndi guluu kutsogolo m'kati mwa nsapato iliyonse. Kunsi anamata tayala, nalichekera mizere itatu yonga phazi la nkhuku, monga ankachitira ndi ntchito yawo yonse kuti munthu asaterereke m'matope. Mnyamatayo anayenda uku ndi uku pakhondepo mano onse ali panja. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankapita ku geti lobiriwira kukathirira maluwa ndi kukaonetsa kamnyamata kaja tiana ta nkhunda.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, Lamlungu lina masana mvula ikukhuthuka, banja lonselo linaphedwa m'nyumba mwawo. Tsoka silinunkha. Oyandikana nawo anangomva mvula pa malata. Mlongo wawo wa bambo a mamita, amene anali nesi, ndiye anakawapeza Lolemba m'mawa ataona kuti foni siikuyankhidwa. Zinasowa m'nyumbamo ndi wailesi ya kanema, makina osokera ndi mafoni awiri. Anthu anayi, chifukwa cha zimenezo! Werengerani mmene mungawerengere, sizikwana.

A Chidendene sanatsegule bokosi lawo sabata yonse. Kumanda anaima kumbuyo, ndipo mabokosi anayi akudutsa, chomwe chinawabwerera m'mutu chinali chopanda nzeru: nsapato za kamnyamata kaja zinali zidakali kwa iwo, lamba atasoka kale, kungodikira kudzatengedwa. Analira mokweza mpaka akazi awo kuwagwira mkono.

Pasanathe masiku khumi apolisi anapeza makina osokera kwa wogula zitsulo zakale, ndipo anagwira anyamata atatu. Wamkulu ankatchedwa Wamtali, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wachiwiri ankatchedwa Chipsera, wochepera chaka chimodzi. Wachitatu anali mnyamata wa nkhunda. Awiri aja anavomera kuti analowa m'nyumbamo, koma aliyense ankaloza mnzake kuti ndiye anagwira chitsulo chomwe anaphera anthuwo, ndipo onse ankati wa nkhunda anali nawo m'katimo. Iye ankakana. Ankati anzakewo anamuuza kuti m'nyumbamo mulibe anthu, kuti iye anangoima pageti mvula ikumuthera pathupi, ali pansi chabe, chifukwa nsapato zake anabwereka Wamtali. Koma nsapato zofiirira anazipeza pansi pa bedi lake, zotsukidwa bwinobwino. Ndipo pa simenti ya m'nyumba ya malemu, m'magazi, munali phazi la nkhuku.

Wapolisi anadzawatenga a Chidendene pakona paja. Mu ofesi anawaonetsa chithunzi cha simentiyo, kenako nsapato ziwiri zili m'thumba la pulasitiki lomata. Dzanja la a Chidendene linanyamuka lokha.

"Osagwira, madala! Umenewo ndi umboni."

Dzanja linabwerera pa bondo.

"Anamata tayala limeneli ndani?"

"Ndine, bwana."

"Nsapatozi ndi za ndani?"

"Zinali za malemu. Ndinazikonzera mnyamata wa nkhunda."

"Ndiye kuti ndi zake."

"Ndi zake, bwana."

Anasayina, natuluka. Sipanathe ndi theka la ola. Pakona paja anthu anawalandira ngati ngwazi, akuti a Chidendene agwira chigawenga ndi tayala. Wogulitsa m'sitolo ya zitsulo anati akuluakulu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma apa lamutsata ndi phazi lomwelo. Anthu anaseka. A Chidendene sanaseke. Mtima unkawawa kuti nsapato zomwe anapempha okha ndizo zinaponda magazi a mwini wake. Ndipo panali kanthu kenanso kamene sankatha kukatchula, konga kamene kamakuvuta ukafika patali osakumbuka ngati watseka chitseko. Dzanja lamanja linkangowayabwa.

Mlandu suwola, amatero. Koma umachedwa mpaka mboni kuchita imvi. Lero fayilo yasowa, mawa loya wadwala, mkucha akukangana ngati Wamtali aweruzidwe ngati mwana kapena ngati wamkulu, poti zaka zauchikulire wazikwanitsira m'chitokosi. Kasanu konse a Chidendene anavala jekete lawo la kuukwati, kukakhala pa benchi kukhoti, n'kubwerera osafunsidwa kanthu. Sankamvetsa. Iwo akachedwetsa nsapato masiku awiri mwini wake ankawatukwana mpaka makolo. Kukhoti zaka ziwiri zinadutsa popanda wotukwana munthu.

Pa benchi ya m'khonde la khotilo pankakhala amayi awiri, wina kumapeto uku, wina kumapeto uko. Uku kunali anesi aja, atavala zakuda. Uko kunali mayi ochapa, mayi ake a mnyamata wa nkhunda, manja oyera ndi sopo atawapinda pamiyendo. Malo otsala anali apakati, ndipo a Chidendene ankakhala pomwepo, maso ali pa nsapato zawo.

"Abambo," anesi anawauza tsiku lina, "mwatsala ndinu nokha oti muwayankhulire achimwene. Ena onse akungonena za malamulo."

Mayi ochapa sankanena zambiri. Kamodzi kokha, anesi atapita kukamwa madzi, ananong'ona osawayang'ana: "Akuti sanalowe, abambo. Ine ndamufunsa mpaka kutopa."

Tsiku lawo linafika. Mlandu unkazengedwa m'chipinda chaching'ono, anthu wamba osaloledwa, poti oimbidwa mlanduwo anali ana pamene ankapalamula. Oweruza anali mayi a magalasi okhuthala, olemba chilichonse ndi dzanja. A Chidendene polowa anayang'ana pansi pa tebulo la oimbidwa mlandu monga mwa masiku onse. Panali mapazi asanu ndi limodzi, onse m'patapata, ndipo sanazindikire ndi limodzi lomwe. Anachita kudzutsa mutu. Wakumapetoyo, wa mapewa otambalala ndi tindevu, ndiye anali mnyamata wa nkhunda. Anawayang'ana kamodzi n'kuweramitsa mutu.

Analumbira. Loya wa boma, bambo odekha a nsapato zosongoka zomwe zinali zisanaonepo msoki, anawafunsa za tayala, za mizere itatu, za tsiku lomwe nsapato zinaperekedwa. Zonse zinkayenda bwino. Kenako loyayo anauza kalaliki wa khoti kuti atsegule thumba lija, awapatse mboni nsapato imodzi, atsimikize ntchito ya manja awo.

A Chidendene sanaganize n'komwe. Dzanja linalowa. Zala zinapita, zinapitabe, mpaka kukagunda chikopa kumapeto. Anaima. Anapapasanso. Munalibe siponji, munangotsala guluu wouma wokhakhala ndi tinyenyeswa tomatirira. Anatenga inayo m'manja mwa kalaliki popanda kupempha. Chimodzimodzi.

"Siponji ili kuti?" anafunsa mokweza.

Onse anayang'anana. Oweruza anavula magalasi.

"Mboni sifunsa mafunso, bambo. Koma tafotokozani, siponji yanji?"

Anafotokoza, mawu akupunthwa. Anati nsapatozo zinali za munthu wamkulu, mwanayo anali wa phazi laling'ono, choncho anamata siponji ya zala zitatu. Siponjiyo ili m'kati, phazi lalikulu silikanalowa. Itachoka, mwana uja sakanayenda nazo, zikanamuvuka asanafike pa chitseko. Loya wa mnyamata wa nkhunda, mtsikana amene m'mawa wonse ankaoneka ngati wagona m'basi, anawongoka n'kuyamba kulemba mothamanga. A Chidendene sanayerekeze kuyang'ana kumene kunali anesi.

Loya wa boma sanakwiye. Bola akanakwiya.

"Bambo, mukudziwa tsiku lomwe siponjiyo inachotsedwa?"

"Ayi, bwana."

"Mukudziwa amene anaichotsa?"

"Ayi."

"Phazi la mwana wa zaka khumi ndi zinayi limakula pa miyezi isanu ndi itatu?"

"Limakula."

"Moti zitayamba kumuthina akhoza kuichotsa yekha?"

"Akhoza. Koma zala zitatu, bwana, pa miyezi imeneyo... kaya."

"Munaliyeza phazi lake sabata imene anthuwa anaphedwa?"

"Ayi."

"Taliyang'anani tsopano. Lingakwane m'nsapato imeneyo?"

Anayang'ana pansi pa tebulo. Maso awo sankanama pa zinthu zotere.

"Lero lingakwane."

"Nanga kupolisi bwanji simunanene zonsezi?"

"Anandikaniza kugwira, bwana."

Ananena zoona, koma m'makutu mwawo momwe zinamveka ngati chodzikhululukira cha mwana wa sukulu. Akanaumirira tsiku lija, akanangoti bwana ndiloleni ndipise dzanja, phazi la mwanayo likanayezedwa sabata yomweyo lidakali laling'ono kapena litakula kale, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Zaka makumi atatu akupisa dzanja m'nsapato za zidakwa, n'kudzalephera pa nsapato imodzi yomwe inali ndi moyo wa munthu.

Madzulo ake anakhuthula msomali uja. Chikatoni cha mnyamatayo sanavutike kuchipeza: phazi lowonda, chala chachiwiri chotalika kuposa chachikulu. Chinali chogundana ndi zinayi zija. M'mawa anapita nacho kukhoti atachikulunga m'nyuzipepala. Loya wa boma anachitembenuza uku ndi uku.

"Dzina lili pati?"

"Palibe, bwana."

"Tsiku?"

"Palibe. Koma ndi lake, taonani chala ichi."

"Tikuona chala, bambo. Anthu a chala chotere mumzinda muno alipo angati?"

Oweruza anachilandira chikatonicho, kalaliki nachimata nambala, ndipo anati adzachiganizira pamodzi ndi zina zonse. Kunyumba akazi awo anamva nkhani yonse, nangowaikira madzi osamba. Sananene kuti ndinkanena ine. Kusanenako kunawapweteka kuposa kunena.

M'khonde la khoti anesi anawaimira kutsogolo. Sanakweze mawu.

"Achimwene anamupatsa nsapato chifukwa cha inu, abambo. Lero inu mukumupatsanso chiyani?"

"Mayi, ine ndangonena zomwe dzanja lapeza."

"Dzanja lanulo linali kuti zaka ziwiri zonsezi?"

Pakona paja omwe ankawatcha ngwazi anayamba kupita ndi nsapato zawo kwa msoki wa kumsika, akuti a Chidendene akuikira kumbuyo zigawenga. Iwo eni sankadziwa kuti akuikira kumbuyo ndani. Akakumbuka kamnyamata ka malamba kaja ankafuna onse atatu aolere m'ndende. Akakumbuka mano aja ali panja pakhonde, mwana akuyesa nsapato, mtima unkabwerera. Chomwe ankafuna kudziwa chinali chimodzi: kodi dzanja lawo lapulumutsa mwana wosalakwa, kapena latsegulira chitseko wakupha mnzawo?

Chigamulo anachiwerenga maola awiri, ndipo a Chidendene anatolapo zochepa. Wamtali ndi Chipsera anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, napatsidwa zaka zoti akadzatuluka adzakhala ndi imvi. Za mnyamata wa nkhunda oweruza anati nkhani ya siponji yasiya chikayiko, khoti silingatsimikize kuti analowa m'nyumbamo. Koma poti anavomera yekha kuti anaperekeza anzakewo ndi kuima pageti, anamupeza wolakwa pothandizira, namutumiza kumalo osungirako achinyamata olakwira malamulo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anesi ananyamula chikwama chawo n'kutuluka osayang'ana munthu. Mayi ochapa analira, ndipo sizinkadziwika ngati n'kulira kothokoza kapena kwa maliro. A Chidendene anamukoka jekete kalaliki.

"Mwana wanga, ndiye kuti wapha kapena sanaphe?"

"Zonse zili m'chigamulo, madala."

"Eya, koma wapha kapena sanaphe?"

Kalaliki anangonyamula mafayilo ake.

Patapita miyezi itatu mayi ochapa anafika pakona ndi nsapato zakale zakuda zomwe anapatsidwa kunyumba ina yomwe ankachapako. Anati kumene kuli mwanayo amalima m'dimba tsiku lonse, patapata zaduka, mapazi ang'ambika. Anapempha kuti azimate tayala. A Chidendene anapisamo dzanja. Akanatha kungoyerekeza, poti phazilo analiona kukhoti ndipo diso lawo linali lokwanira. Koma anati sangadule tayala osayeza. Anang'amba chikatoni chatsopano, naika pensulo m'thumba la jekete, ndipo Loweruka anakwera basi limodzi ndi mayiwo.

Chipinda cha alendo chinali ndi mabenchi awiri aatali ndi zenera la zitsulo. Woyang'anira anatembenuza chikatonicho, nanunkhiza pensulo, naseka, nati palibe vuto. Mayi ochapa anatsalira pa tebulo la pakhomo, kumene ankawamasulitsa kathumba ka sopo ndi mafuta odzola kuti aone zonse. Mnyamatayo analowa, nakhala pa benchi.

"Agogo," anatero.

"Vula. Ponda apa."

A Chidendene anagwada, mawondo akulira. Anagwira phazi lamanja pa kakolo n'kuyamba kuzunguliza pensulo kuchokera ku chidendene. Atafika pa chala chotalika chija anafunsa motsitsa, osadzutsa mutu.

"Siponji ija anachotsa ndani?"



"Ndine, agogo."

Pensulo inaima.

"Liti?"

"Tsiku lomwelo. Kuseri kwa mpanda. Wamtali anavala patapata, ndiye anati zichita phokoso pa simenti, amva. Anati ndimubwereke zanga, koma sizinkamulowa. Ndiye ndinazula. Inalimba, agogo, munamata kwambiri. Ndinachita kukolowola ndi msomali."

"Ndiye kuti sunalowe."

"Sindinalowe. Olo phazi limodzi."

A Chidendene anatulutsa mpweya womwe anakhala nawo m'chifuwa kuyambira tsiku la kukhoti lija. Dzanja silinaname. Anafuna kuseka, anafuna kuitana mayi ake kuti bwerani mudzamve. Anapitiriza mzere, nautseka pa chidendene. Kenako mawu amodzi anawabwerera, ngati kamwala kotsalira m'nsapato.

"Wati amva. Amva ndani? Suja unauza khoti kuti unkayesa mulibe anthu?"



"Ndinkadziwa kuti alimo."

"Unadziwa bwanji?"

"Geti linali lokiya. Wamtali anati ndiime poonekera. Kamwana kaja kanandiona pazenera, kanandikupizira dzanja. Kanathamanga pamvula pomwepo kudzatsegula. Kanafunsa ngati ndabwera ndi nkhunda." Anayang'ana kuzenera la zitsulo lija. "Anzangawo ankati angowaopseza, atenge kanema. Sindinkadziwa kuti apha. Kapena ndinkadziwa. Ndimaganiza tsiku lililonse, agogo, sindikudziwa."

A Chidendene anakhala chigwadire. Anabwera ndi funso limodzi la mayankho awiri, wapha kapena sanaphe, ndipo anali atakonzeka kusenza lililonse mwa awiriwo. Ili lomwe anapatsidwa linalibe pogwira. Mwanayo sanalowe, zoona, ndipo iwo sananame kukhoti. Koma geti linatsegulidwa chifukwa cha nkhope yake, ndipo nkhopeyo inadziwika pa geti limenelo chifukwa cha nsapato zomwe iwo anapempha. Anamva mkwiyo woti akanatha kumubaya ndi pensuloyo. Anamvanso chisoni, ndipo sankadziwa kuti chisonicho n'cha ndani.

"Mphindi zisanu," woyang'anira anatero.

Atayang'ana pansi anapeza mnyamatayo wachotsa kale phazi lamanja, waika lamanzere pa chikatoni, akudikira. Linali long'ambika m'chidendene, mng'alu wina ukutuluka magazi. Analigwira pa kakolo n'kulizunguliza. Mzere sunakakumane pomwe unayambira. Pakona pa chikatonicho analemba tsiku, mwezi ndi chaka, ndi zilembo zawo zokhotakhota, kanthu komwe anali asanachitepo chiyambire ntchito.

M'basi mayi ochapa anawafunsa ngati nsapatozo zimukwane.

"Zimukwana, mayi."

"Wakuuzani chiyani? Ndinaona mukuyankhula."

"Za mapazi basi."

Lolemba anatsegula bokosi m'mamawa. Anadula tayala motsata chikatoni, nalimata, nalikhomera timisomali. Atatenga mpeni kuti acheke mizere itatu ija anaugwira nthawi yaitali, kenako anaubweza m'bokosi; tayalalo linapita losalala. Pobweza mpeniwo dzanja linagunda tinsapato ta kamnyamata kaja, tomwe tinali tidakali pansi pa siponji, lamba wosoka bwino. Anali ataganizapo kambirimbiri zokapereka kwa anesi, koma sankadziwa kuti akafika akayambira pati.

Ntchito itatha anatenga chikatoni chatsopanocho n'kuchitunga pa msomali monga mwa chizolowezi. Chinatsetsereka n'kukagona pa zinayi zija, pamwamba penipeni pa kaphazi kakang'ono. Anachizula msanga. Anayang'ana m'bokosi, anayang'ana mgolo wa zinyalala wa pasitolo, anayang'ananso msomali. Mayi wina anafika ndi nsapato yothyoka chidendene, napereka moni kawiri. A Chidendene anali chiimire pakhondepo, chikatoni chili m'manja, akusowa pochiika.